Tsiku Limene Munachira

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndikulengeza kwa mtundu wonse, kwa abale ndi anansi, ndiponso kwa akuluakulu a koleji imene ndimaphunzitsako, kuti lero nthawi ya 10:40 m'mawa, ine Vrushali Dabhade, mwini madigiri awiri, ndakodza mamililita 320. Anesi a Mariamma aunyamula mkodzowo m'jagi ya mizeremizere, auyang'anitsitsa pa kuwala ngati munthu wogula mafuta ophikira, kenaka alemba pa pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulemba nkhani zoseketsa m'nyuzipepala ya Lamlungu, koma palibe ntchito yanga imene inawerengedwapo mosamala chotere.

Bedi 9, wodi ya amayi, nsanjika yachitatu. Ndinabwera dzulo thupi likutentha 39.4, ndikusanza, msana wakumanzere ngati wina wakhomamo msomali. A dokotala Inamdar akuti impso yakumanzere yatupa, mkodzo sukutsika bwino. Chautsekereza n'chiyani, sananene. Anangoyang'ana chipsera changa cha pamimba nthawi yaitali kuposa mmene chipsera chimafunira.

Diripi. Jakisoni katatu pa tsiku. Pakhomo la wodi alemba kuti ana osakwana zaka 12 saloledwa. Mwana wanga Ovi ali ndi miyezi inayi ndi masabata atatu.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Thupi 38.6. Chakudya ndi mpunga ndi msuzi wa nandolo wopanda mchere. Nandoloyo anangodutsamo pa ulendo wake wa kwina.

Pa bedi 10 pali mayi Gayabai, wodula nzimbe wa ku Beed. Impso zake zonse ziwiri zinatopa, amapita naye ku makina otsuka magazi katatu pa sabata. Mafunso alibe nawo manyazi.

"Aphunzitsi, ana alipo angati?"

"Mmodzi. Wa miyezi inayi."

Anandiyang'ana pachifuwa. "Ndiye mkaka mukuufinyira kuti? Malaya ouma gwa chonchi."

Ndinamufotokozera. Chiberekero anandichotsa zaka zitatu zapitazo chifukwa cha khansa. Asanandichite opaleshoni, madokotala ku Mumbai anasunga mazira anga m'firiji. Mlamu wanga Shubhada, mkazi wa mchimwene wanga, ndi amene anandisenzera mimba.

"Ohoo. Mbewu yanu, munda wa eni."

"Ndi momwemo."

"Kwathu ukalima m'munda wa eni, zokolola mumagawana. Ndiye mwagawana bwanji? Inu mutu, iye miyendo?"

Ndinaseka mpaka msana unandikumbutsa kumene ndili. Ndinamuuza kuti iye masana, ine madzulo. Sanasekenso.

Chiberekero nayenso alibe. Anamuchotsa ali ndi zaka 26, asakudwala. Kapitawo wa m'munda salola kujomba, ndipo zakumwezi zinkamujombetsa. "Theka la akazi a m'gulu lathu tinachotsa," anatero, ngati akunena za kumeta.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndilembe nkhani ya fomu, mwina mdzukulu wa wina adzaseka.

Ovi anabadwa pa 11 Malichi. Pa 13 ndinapita kwa bambo Pendse, mkulu wa ofesi yoona za antchito, kukapempha tchuthi cha uchembere. Anatulutsa fomu. Mzere woyamba dzina, wachiwiri udindo, wachitatu zaka zimene wagwira ntchito. Mzere wachinayi: tsiku limene munachira. Wachisanu: saini ya dokotala amene anakuchiritsani.

"Amayi, ine sindikukana kuti mwana alipo," anatero bambo Pendse. "Maswiti ake ndadya nawo. Koma pa mzere wachinayi ndilembapo chiyani? Inu simunachire."

"Lembani 11 Malichi."

"Limenelo ndi tsiku limene anachira alamu anu. Inu sitinakuonenipo wodwala. Miyezi isanu ndi inayi yonse mumakwera masitepe awiriawiri pano. Munthu wosadwala achira bwanji?"

Ndinawaonetsa chikalata cha khoti chonena kuti mayi wa mwanayo ndine. Anachiwerenga kawiri, anachiyamikira kuti chinalembedwa bwino, nati buku la malamulo a koleji linasindikizidwa anthu asanayambe kubwereka minda. Nkhani anaitumiza ku komiti. Loya wa bungwe la aphunzitsi akuti lamulo lili mbali yanga, ndipo tikapita kukhoti tidzapambana ndithu, Ovi akadzayamba kulemba mayeso.

Shubhada amaphunzitsa pa sukulu ya boma. Iye mzere wachinayi anadzaza osavutika, anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinabwerera m'kalasi Ovi ali ndi masiku asanu ndi anayi. M'mawa kumusiya kwa alamu, 6 koloko madzulo kukamutenga atayamwa, atasamba, ali m'tulo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu sunena kanthu za mnzakoyo.

Lero anandijambula m'makina aakulu a sikani. Ndinamwa mabotolo awiri a madzi olawa ngati choko.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Andilowetsa kachubu kuchokera ku impso kufika m'chikhodzodzo. Mkodzo wofiira. Akuti ndi mmene zimakhalira.

Ndatopa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Thupi 37.4. Impso yayamba kuphwa.

A dokotala Inamdar anabwera ndi chithunzi cha sikani. Pali chotupa pambali pa mtsempha wa mkodzo, chachikulu ngati ndimu. Ndi chimene chikukanikiza. Pachiwindi palinso kamthunzi. Lolemba adzatapa kanyama kukapima.

"Ku Mumbai amakupimani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, eti? Komaliza kunali liti?"

"Epulo," anayankha mwamuna wanga Hemant, amene anali atakhala pa mpando wa alendo ndi chikwama cha zovala pamiyendo. "Pa 22 ndi 23. Zonse zinali bwino."

"Ndikufuna pepala limenelo. Chinthu chotere sichimera ngati bowa."

Ndinati lili m'kabati ya m'chipinda, pansi pa nsalu zanga zovala za sari. Hemant analemba pachikhatho kuti asaiwale. Munthu ameneyu amagulitsa zipangizo za mathirakitala m'maboma asanu, amadziwa nambala ya bawuti iliyonse pamtima, koma za m'nyumba amalemba pachikhatho.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero ndi tsiku limene alongo amamanga ulusi pamkono wa achimwene awo kuti aziwateteza. Wodi yonse yadzaza amuna ovala malaya ositidwa. Mchimwene wanga Ashutosh anatambasula mkono, ine n'kumanga ndi dzanja limodzi chifukwa linalo lili ndi singano. Mfundo anamalizira anesi.

"Chaka chino ukufuna mphatso yanji?" anafunsa.

"Unandipatsa kale mkazi wako miyezi isanu ndi inayi. Pumula."

Anayang'ana kudenga, maso ali njenjenje. Achimwene sapirira nthabwala m'chipatala.

Anandiuza kuti ndipite pawindo. Pansi, poimika magalimoto, panali Shubhada ndi ambulera yakuda, mvula ikugwa. Anapendeketsa ambulera. Kuchokera pa nsanjika yachitatu, mwana wanga ndi kachipewa kachikasu ndi timiyendo tiwiri. Shubhada anamugwira dzanja n'kulibayibitsa. Ovi anali kuyang'ana galu.

Shubhada watumiza chitini cha ladu, timibulu ta utomoni wa mtengo, kokonati ndi mafuta a ng'ombe, timene mayi amadya masiku makumi anayi a m'chikuta kuti msana ulimbe. Mayi anga anapanga chitini chimodzi chokha mu Malichi, ndipo anaima nacho pakati pa balaza osadziwa kolowera. Potsiriza anapatsa Shubhada, n'zoona, msana unali wake. Za lerozi Shubhada wapanga yekha. Pachivundikiro walemba kuti, "Za mayi ake a Ovi."

Gayabai saloledwa zotere. Wadya tiwiri, atafunda nsalu kumutu ngati akupemphera.

Lolemba, 11 Ogasiti

Atapa kanyama. Singano yaitali, kudzera kumsana, dokotala akuyang'ana pa kanema. Sizipweteka, anatero, mungomva kukanikiza. Pa mawu onse a m'chipatala, "kukanikiza" ndi amene ali ndi ntchito zambiri.

Zotsatira Lachinayi.

Hemant wakhuthula kabati yonse. Pepala sanalipeze. Akuti mawa ayang'ana m'mabuku anga.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kalata yochokera ku koleji, yabwera ndi mnzanga wa dipatimenti. Komiti inakumana ndipo yagwirizana kukhazikitsa komiti yaing'ono yoti iunike tanthauzo la mawu akuti "kuchira". M'komiti yaing'onoyo muli abambo atatu ndi mphunzitsi wa galamala. M'envulopu yomweyo muli chikumbutso choti antchito onse akapezeke pa mwambo wokweza mbendera wa tsiku la ufulu wa dziko Lachisanu, 7:30 m'mawa, atavala zoyera.

Ndinamuwerengera Gayabai. Anafunsa kuti komiti n'chiyani. Ndinati ndi anthu amene amakhala pamthunzi n'kumakambirana ngati nzimbe ili yoti n'kudulidwa. Anati oterowo kwawonso aliko.

Pepala la Epulo kulibe. Ndalemba tsopano, likhale penapake.

Ku Mumbai sindinapite. Masiku awiri a kuchipatala bambo Pendse amapereka osafunsa, ukangoonetsa khadi. Hemant anali ku Nagpur sabata imeneyo. Ndinaonetsa khadi, ndinabweza tikiti ya sitima, ndinauza Shubhada kuti mwana asabwere kwanu mawa ndi mkuja. Anandiyang'ana, koma sanafunse. Mkaka anafinyira m'mabotolo n'kutumiza.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Jakisoni asiya, andiyambitsa mapiritsi. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera.

Hemant wabwera ndi fumbi m'tsitsi. Watsitsa masutikesi a pamwamba, wafunsa mayi anga, waimbira wotichapira zovala. Akuti aimba ku Mumbai atumize lina. Ndinati foni yawo siyankhidwa, adikire kaye. Anandisendera lalanje, kuchotsa ndi ulusi womwe, monga amachitira.

Atachoka, Gayabai anatembenuka.

"Aphunzitsi, pepalalo mulibe, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Munthu amene wataya chinthu amakwiya. Inu mukungomwetulira ngati wakuba mbuzi pamaliro." Anakhosomola kanthawi. "Muuzeni bamboyo asanagumule nyumba. Bodza lili ngati chubu ichi, likakhalitsa m'thupi limachita mafinya."

Ndinamufunsa ngati iye anapumulako atabereka. Anawerenga pa zala. Woyamba masiku khumi, chifukwa sinali nyengo yodula. Wachiwiri anabadwira m'mphepete mwa munda, tsiku lachinayi chikwanje chinali m'manja, mwana m'nsalu yomangidwa pansi pa ngolo. "Miyezi isanu ndi umodzi! Mukanachita nayo chiyani yonseyo?"

"Ndikanamuyang'ana."

"Basi?"

"Basi."

Kenaka anati, "Wachiwiri uja nkhope yake ya ukhanda sindiikumbuka."

Lachinayi, 14 Ogasiti

Yabwerera.

A dokotala anakoka makatani kuzungulira bedi, ngati makatani amatseka makutu. Ndi khansa yomwe ija. Chotupa sichingadulidwe pamene chili tsopano. Kamthunzi ka pachiwindi nakonso ndi iyo. Mankhwala a m'mitsempha maulendo asanu ndi limodzi, masabata atatu alionse, ku Mumbai. Pambuyo pake tidzaona. Kachubu ka impso kazisinthidwa miyezi itatu iliyonse. Chitetezo cha m'thupi chidzatsika, ndipewe odwala chimfine ndi ana aang'ono.

"Ana aang'ono angati?" ndinafunsa. Sanaseke.

Hemant analemba zonse. Chikhatho chitadzaza anapitirira pamkono.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Mbendera yakwezedwa popanda ine ndipo dziko silinagwe.

Masana kunabwera bambo Pendse, atavala zoyera, ndi thumba la malalanje. Si munthu woipa, ndiye vuto lake. Anakhala m'mphepete mwa mpando, maondo pamodzi, nati wamva ndipo mtima wake wasweka. Kenaka anatsegula chikwama.

"Ndabwera ndi uthenga wabwino, amayi. Buku lathu lili ndi ndime ya matenda aakulu. Miyezi isanu ndi umodzi, malipiro onse. Ya khansa sichita kudikira komiti. Fomu ndadzaza kale, inu mungosaina. Onani, mizere yonse ikukukwanani."

Inandikwanadi ngati yosokedwa pathupi. Tsiku limene munadwala. Dzina la matenda. Saini ya dokotala.

"Ndiye ndadwala tsopano, bambo Pendse?"

"Mwadwala, amayi."

"Mzere wa kuchira uli pati?"

Anatembenuza pepala kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu wachilungamo, anaufunadi. "Pa iyi palibe," anatero.

Gayabai anaseka mpaka anesi anabwera.

Ndasaina. Miyezi isanu ndi umodzi, yomwe ija ndinkapempha mu Malichi, osachepa ndi tsiku. Ya uchembere ikadali ku komiti yaing'ono. Mphunzitsi wa galamala akuti wapempha nthawi.

Loweruka, 16 Ogasiti

Gayabai anamutenga m'mawa kupita ku makina, sanabwerere. Akuti mtima unasokonekera ali komweko, ali kuchipinda cha odwala kwambiri. Mwamuna wake wabwera kudzatenga kapu ndi chipeso. Ndinamupatsa ladu zotsala. Anati mkazi wake saloledwa. Ndinati ndikudziwa.

Pa bedi 10 ayala nsalu zina.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Anesi a Mariamma amawerenga nkhani zanga za m'nyuzipepala, akuti zina zimaseketsa. Lero anabwera ndi njinga ya odwala. "Mphindi khumi. Pansi, kuseri kwa masitepe. Aliyense akafunsa, tikupita kukajambulitsa." Anandiveka chophimba pakamwa ndi pamphuno.

Shubhada anali ataima pafupi ndi chitini chozimitsira moto. Ovi wanenepa. M'khosi mwake mwawonjezeka mkwinya wina umene sindikuudziwa. Shubhada anamuika pamiyendo panga. Analemera bwino, ananunkhira mkaka ndi mafuta a kokonati. Anandiyang'ana. Anayang'ana chophimba, anayang'ana singano. Mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera.

Ndinatsitsa chophimba. "Ndine, Ovi. Ndine wa 6 koloko uja."

Analira. Osati kulira kwa njala, kumeneko ndimakudziwa. Anapinda msana, anatambasula manja onse awiri kwa Shubhada.

"Ndi tulo, alamu," anatero Shubhada. "Sanagone masana. Ndi fungo la mankhwala. Dzulo analiranso kwa agogo ake." Zifukwa zitatu. Wabodza wabwino amapereka chimodzi.

"Mutengeni, alamu. Mwanayu ali ndi nzeru, watengera ine. Akudziwa amene anadzaza fomu."

Shubhada sanamutenge. Anagwada pambali pa njinga, anaika nkhope yake pafupi ndi yanga kuti Ovi azitiona tonse, n'kumamusisita kumsana mwanayo ali m'manja mwanga. Analeka kulira. Anagwira chala changa, koma maso ali kwa iye. Misozi ya Shubhada inkagwera pa mkono wanga.

"Tchuthi changa chikutha pa 10 Sepitembala," ananong'ona. "Ndapempha chowonjezera chopanda malipiro. Musadandaule za iye."

Sindikudandaula za iye. Iye ali bwino.

Mphindi zinali zisanu ndi ziwiri. Zitatu ndinabweza.

Lolemba, 18 Ogasiti

Anditulutsa mawa. Ku Mumbai Lachinayi.

Ndamuuza Hemant. Anabwera akunena kuti wapeza nambala ina ya ku Mumbai, ndiye ndinati asaimbe. Ndinayembekeza kuti akalipa. Anakhala pansi, anayang'ana m'chikhatho mwake mmene munalibe kanthu, nati, "Ndinachotsa ndi matabwa a pansi pa kabati." Kenaka anapita kukaima pakhonde nthawi yaitali. Atabwerera anandikonzera pilo.

A dokotala atabwera ndinawauza nawonso, kuti asamadikire pepala. Ndinafunsa funso limene ophunzira anga ndimawaletsa kufunsa pa mbiri yakale: zikanakhala bwanji.

"Sindingalumbire," anatero.

"Musalumbire. Ingonenani."

"Mu Epulo mwina kakanakhala ngati njere ya nandolo. Kachotupa kotero timadula."

Anandigwira phazi kudzera pa bulangeti n'kupita pa bedi 11.

Masiku awiri a mu Epulo aja kunkatentha kwambiri. Ndinatseka foni, ndinayala mphasa pansi pa fani. Sitinapite kulikonse. Ndinaphunzira kuti Ovi akamayamwa botolo amakoka khutu lake lakumanja, ndi kuti cha m'ma 11 koloko m'mawa amayang'ana kudenga n'kumakambirana ndi fani nkhani zazikulu. Tsiku lachiwiri anagona pachifuwa panga maola atatu, ine osasuntha ngakhale mwendo unachita dzanzi. Atadzuka anandiyang'ana n'kumwetulira. Shubhada akuti kwa iye anayamba kumwetulira sabata yotsatira, ndipo sindinamutsutse.

Ndayesa kulemba nkhani ya Lamlungu likubwerali, ya komiti yaing'ono ndi mphunzitsi wa galamala. Ikanaseketsa. Bambo Pendse ali ndi mlandu wawo, komiti ili ndi wake, ndipo loya akuti tisasiye, kuti wobwera pambuyo panga asadzaime pa mzere wachinayi. Sitisiya. Koma tikiti ya sitima ija sanabweze ndi bambo Pendse.

Pa nthawiyo ndinkadziona wochenjera. Ndinkati ndabera koleji masiku awiri. Masikuwo sanali a koleji. Anali a Ovi, a m'tsogolo, ndipo sindikudziwa kuti ndinatenga angati.